Kachitini kogwira oyilo pa injini ya turbo: kamathandizadi, nanga kamathandiza ndani?

Makaniko aliyense amene anamasulapo manifodi (mapaipi ogawira mpweya ku masilinda) ya injini ya TSI kapena ya GDI, zimene zimapopera petulo m'silinda mwachindunji, amadziwa zimene maso amakumana nazo akaunika ndi tochi m'mabowo olowera mpweya. Kumbuyo kwa mavalavu kumakhala kutamatirira zinthu zakuda bii, zina zouma gwa ngati makala, zina zonata ngati phula. Mwini galimoto akaona amagwira pakamwa, chifukwa sevisi amachita pa nthawi yake, petulo amathira wa pa filing'i siteshoni osati wa m'zigubu, ndipo galimotoyo sinafike poti munthu n'kuitcha yokalamba. Pamenepo ndi pamene wina amatchula za catch can, kachitini kamene amakalumikiza pa paipi yopumira injini kuti kazigwira oyilo asanakafike ku mavalavuwo.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena poyambirira pomwe: kachitini aka si kabodza, kamagwiradi oyilo, koma kamatseka njira imodzi yokha mwa njira zingapo zimene kaboni, zakuda zomatirira zija, amadzera. Kali ndi injini zimene kamazithandiza kwambiri, zina kamazithandiza pang'ono, zina sikazithandiza n'komwe, ndipo m'manja mwa munthu wosatsegula boneti kangathe kuwononga injini imene inali bwinobwino. Kuti munthu adziwe mbali imene galimoto yake ili, ayenera kuyamba wamvetsa kumene oyiloyo amachokera.

Petulo akaphulika m'silinda, mphamvu yake imakankha pisitoni kupita pansi. Maring'i a pisitoni ndiwo amatseka kuti mpweya wotenthawo usadutse, koma palibe ring'i imene imatseka kotheratu, ngakhale pa injini yatsopano yongochoka ku fakitale. Mpweya wina umazemba m'mbali n'kutsikira pansi kumene kuli crankshaft, chitsulo chimene mapisitoni amazunguza, ndi sampu, mokhala oyilo. Amakaniko amautcha blow-by. Muli utsi, muli petulo amene sanapse, ndiponso muli nthunzi ya madzi yambiri kuposa mmene anthu amaganizira, chifukwa lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi okwana pafupifupi lita imodzinso. Pansipo crankshaft imakhala ikuzungulira kambirimbiri pa mphindi imodzi, ikumwaza oyilo wotentha mpaka wina kusanduka ngati nkhungu. Mpweya wozemba uja ukasakanikirana ndi nkhunguyi uyenera kupeza potulukira. Ukapanda kutuluka umadzaza m'injini n'kuyamba kukankha oyilo kudzera m'magasiketi ndi m'maseal.

Kale opanga magalimoto ankangoika paipi yoloza pansi, mpweya wonsewo n'kumatayikira pamsewu. Boma la California ku America litaona kukula kwa vuto la utsi mumzinda wa Los Angeles, magalimoto atsopano ogulitsidwa m'chigawocho anayamba kubwera ndi njira yobwezera mpweyawo m'injini kuyambira a chaka cha 1961. Njirayo ndi imene timaitcha PCV lero. Mpweya wa pansi uja amaukokera m'manifodi, umadutsa pa mavalavu, n'kukapsera limodzi ndi petulo. Kwa zaka makumi angapo palibe amene ankadandaula nazo, ndipo chifukwa chake ndi chimene chagwira nkhani yonseyi.

Pa injini za kabyuleta, komanso pa injini za injekishoni ya masiku onse monga za Corolla, Vitz ndi Sienta zambiri zimene zadzaza m'misewu yathu, petulo amalowa m'njira ya mpweya asanafike pa valavu. Nthawi iliyonse valavu ikatseguka, petulo amaitsuka kumsana. Petulo amasungunula oyilo, ndipo wabwino amakhala ndi mankhwala otsukira amene makampani amathiramo. Choncho kaoyilo kakangofika pa valavu, kamakokoloka kasanaume. Injini inkadzitsuka yokha popanda munthu kudziwa.

Pa direct injection zinthu zinasintha. Injekita anaichotsa m'manifodi n'kuilowetsa m'silinda mwenimwenimo, kumene imapopera petulo ndi mphamvu yaikulu: pamene injekishoni yakale imagwira ntchito pa mabar atatu kapena anayi, iyi imafika pa 150, 200, ndipo zatsopano zina 350. Ubwino wake ndi woonekeratu. Petulo akasanduka nthunzi m'silinda amaziziritsa mpweya, ndiye injini imatha kupanikiza kwambiri popanda kugogoda, imatulutsa mphamvu zambiri pa mafuta ochepa. Koma valavu yolowetsa mpweya inatsala youma. Chimene chimadutsapo tsopano ndi mpweya ndi nkhungu ya oyilo basi. Valavuyo ndi yotentha mokwanira kuti oyilo apserere, koma si yotentha mokwanira kuti apse n'kutheratu. Ndiye amangouma pang'onopang'ono, nsanjika pamwamba pa nsanjika, monga mmene mphika wophikira pa nkhuni umadera kunsi ukamapanda kukwechedwa.

Luso limeneli si ladzana. Mercedes-Benz 300 SL ya 1954 inali nalo kale, ngakhale linali lopanda kompyuta. Amene analibweretsa pa magalimoto a anthu wamba masiku ano ndi a Mitsubishi, ndi injini yawo ya GDI mu Galant ya 1996, ndipo a Toyota anatulutsa D-4 yawo nthawi yomweyo. Kuno kwathu mayina awiriwa si achilendo. Amene anakhalapo ndi Noah, Voxy kapena Premio ya injini ya 1AZ-FSE, kapena Pajero iO ya GDI, anamvapo amakaniko akuchenjeza za kaboni. Zambiri mwa injini zimenezo zinalibe turbo. Zimene zikubwera tsopano kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, komanso zochokera ku South Africa ndi ku Britain, zambiri zili ndi zonse ziwiri: Golf ndi Polo za TSI, Audi za TFSI, Mercedes za CGI, Nissan Juke ya 1.6 turbo, Toyota C-HR ya 1.2 turbo, Subaru Forester XT, Ford za EcoBoost, BMW za kuyambira pa injini ya N54 ya 2006 kupita m'tsogolo.

Turbo, imene imapanikiza mpweya wolowa m'injini, imawonjezera vuto m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yosavuta kumva: mpweya ukapanikizidwa kwambiri m'silinda, wozemba pa maring'i umachulukanso. Yachiwiri ndi imene ogula tizitini ambiri saidziwa. Pa injini yopanda turbo, manifodi nthawi zambiri imakhala ikuyamwa, ndiye mpweya wa pansi umangokokeka. Pa injini ya turbo, manifodi imayamwa pokhapokha galimoto ikaima injini ikulira, kapena mukamayenda mofatsa phazi lili pang'ono. Mukaponda kuti mudutse thiraki pa chitunda, m'manifodi mumadzaza mpweya wopanikizidwa, ndipo ukanati usiyidwe ukanabwerera chammbuyo kulowa m'injini. Pachifukwa ichi pamakhala kavalavu kotseka njira imeneyo, mpweya wa pansi n'kupatukira ku paipi ina yokathera kutsogolo kwa turbo. Kuchokera pamenepo nkhungu ya oyilo imadutsa mu turbo, mu intercooler (choziziritsa mpweya wochokera ku turbo), m'mapaipi onse, kenako n'kufika pa mavalavu omwe aja.

Ndiye kuti njira zopumira zilipo ziwiri, ndipo kachitini kamodzi kolumikizidwa pa paipi imodzi kamagwira za njira imodziyo. Munthu woyenda m'tauni tsiku ndi tsiku, oyilo wake wambiri amadzera njira ya ku manifodi. Wokonda kuponda, kapena wokoka ngolo, wambiri amadzera kutsogolo kwa turbo. Ndi chifukwa chake zida zina zimabwera ndi tizitini tiwiri, kapena kamodzi ka mapaipi atatu ndi timavalavu toletsa mpweya kubwerera. Pa injini zina, monga mtundu wachitatu wa EA888 ya Volkswagen ndi Audi, njira ya ku manifodi ili m'kati mwa hedi momwemo, palibe paipi yoti mudule, ndiye oika kachitini amachotsa PCV ya fakitale yonse n'kuikapo mbale ina. Kumeneko sikulinso kungowonjezera kachitini, ndi kusintha kapumidwe konse ka injini.

Ntchito ya kachitiniko payokha ndi yophweka. Mpweya umalowa kudzera pa paipi yopapatiza n'kufika m'malo otakasuka, liwiro lake n'kutsika. Umawombana ndi timbale kapena sefa ya m'kati, timadontho ta oyilo timagundana, timakula, n'kugwera pansi. Mpweya wopepukidwa umatuluka mbali ina kupitiriza ulendo wake wolowa m'injini. Kachitini kopanda kanthu m'kati, kongokhala chitini cha mabowo awiri oyandikana, kamagwira madontho akuluakulu okha, nkhungu yeniyeniyo n'kungodutsa. Totchipa tambiri togulitsidwa pa intaneti ndi totere. Ena amathiramo sitiliwulu wotsukira mapoto kuti azisefa, ndipo apa ndikuchenjeza ndi mtima wonse: sitiliwulu amachita dzimbiri ndi madzi aja, amanyenyeka, ndipo tizidutswa take tilibe kwina kopita koma mu turbo kapena m'silinda.

Zimene mumapeza m'kachitini

Umboni umene ogulitsa amaonetsa nthawi zonse ndi umodzi: atsegula kachitini, atsanulira m'botolo zamadzimadzi zofiirira, n'kunena kuti zonsezi zikanalowa m'injini yanu. Zoonadi zikanalowa. Koma tasiyani botolo limenelo pa shelefu usiku umodzi. M'mawa mudzapeza zitapatukana: pansi madzi, pakati zoyererako zonga mkaka wosasa, pamwamba oyilo ndi petulo. Nthawi yozizira, komanso pa galimoto yoyenda maulendo afupiafupi, gawo lalikulu limakhala madzi ndi petulo. Zinthu ziwirizi zikanadutsa pa mavalavu ngati nthunzi n'kukatulukira ku ekizozi osasiya kanthu. Zasanduka zamadzi chifukwa kachitiniko n'kozizira kuposa injini. Choncho botolo lodzaza silikutanthauza kuti mwapulumutsa mavalavu ku botolo lonse la kaboni.

Chachiwiri, chimene chili m'kachitini chimakuuzani zimene zagwidwa, sichikuuzani zimene zadutsa. Chimene chingakuuzeni zoona ndi kuona mavalavu enieniwo, ndi kakamera kolowetsa pa bowo kapena pomasula manifodi, musanaike kachitini komanso patapita makilomita ambiri mutaika.

Chachitatu ndi chachikulu: oyilo ali ndi njira zina zofikira pa valavu zimene kachitini sikaziona n'komwe. Mwendo wa valavu umayenda m'kabowo kake mothandizidwa ndi oyilo, ndipo kaseal ka pamwamba pake kanapangidwa kuti kazilola kaoyilo pang'ono kudutsa, apo ayi valavu ikanagwira. Kaoyilo kameneko kamatsikira pamutu pa valavu mwachindunji. Turbo nayo imazungulira pa oyilo, ndipo ikayamba kutha imalavulira wina m'njira ya mpweya, kutsogolo kwa pamene kachitini kathera ntchito. Palinso utsi. Injini zamakono zimasintha nthawi yotsegulira mavalavu, ndipo nthawi zina mwadala zimasiya valavu yolowetsa ndi yotulutsa zili zotseguka limodzi kwa kanthawi kuti utsi wina ubwerere, n'cholinga chochepetsa kutentha ndi mpweya woipa. Utsi umenewo uli ndi mwaye, ndipo injini za direct injection zimatulutsa mwaye wambiri kuposa za injekishoni yakale. Mwayewo ukapeza valavu yonyowa ndi oyilo, umakakamira. N'chifukwa chake galimoto yokhala ndi kachitini kabwino imathabe kufuna kutsukidwa mavalavu, kungoti mochedwerapo.

Funso limene anthu amakonda kufunsa ndi loti, ngati kachitini n'kothandiza, bwanji opanga magalimoto sakaika okha? Yankho ndi loti amaika, koma m'maonekedwe ena. Pafupifupi injini iliyonse yamakono ya turbo ili ndi cholekanitsa oyilo m'chivundikiro cha pamwamba kapena pambali pa buloko. Zina zimazunguza mpweya ngati kamvulumvulu kuti madontho aponyedwe m'mbali, zina zimaudutsitsa m'timipata tokhotakhota. Oyilo wogwidwayo amabwerera yekha ku sampu, popanda woti azikhuthula. Kampani singagulitse galimoto yodalira kuti mwini wake azikumbukira kutaya zam'chitini milungu ingapo iliyonse, ndipo malamulo a utsi salola kuti mpweya umenewu uzitayikira panja. Cholekanitsa cha fakitalechi chili ndi kampira kopyapyala kamene kamang'ambika ndi ukalamba. Kakang'ambika, injini imayamba kulira likhweru, kugwedezeka ikaima, kumwa oyilo, ndipo chotsekera pothirira oyilo chimavuta kutsegula injini ikulira chifukwa cha kuyamwa. Munthu woona zizindikiro izi akuyenera kugula PCV yatsopano, osati kachitini. Kuika kachitini pamwamba pa PCV yakufa ndi kutchera ndowa pansi pa denga lodontha m'malo mokonza lata.

Njira imene makampani anaona kuti ikuthetsadi vutoli ndi yobwezeretsa kutsuka kwa petulo. A Toyota anayamba mu 2005 ndi D-4S pa injini ya 3.5 ya Lexus, imene ili ndi mainjekita awiri pa silinda iliyonse, ina m'silinda ina m'manifodi. A Volkswagen anachita chimodzimodzi pa mtundu wachitatu wa EA888 wogulitsidwa ku Ulaya, pamene wopita ku America unalibe mainjekita a m'manifodiwo. A Ford anawonjezera pa EcoBoost ya 3.5 ya mu F-150 ya 2017. Zifukwa zawo zinali zingapo, kuphatikizapo kuchepetsa mwaye wa ku ekizozi, koma phindu la mavalavu oyera linabwera limodzi. Ngati injini yanu ndi ya mtundu umenewu, chifukwa chachikulu chogulira kachitini chachoka. Onetsetsani nambala ya injini yanu, chifukwa galimoto za dzina limodzi zimasiyana malinga ndi chaka komanso dziko limene anazipangira.

Pali phindu lina la kachitini limene silikhudza mavalavu, ndipo kwa ine ndi lomveka kuposa loyamba lija pa injini zimene anazikweza mphamvu. Oyilo sapirira kupanikizidwa ngati petulo, amayaka msanga. Nkhungu yake ikalowa m'silinda imakhala ngati yatsitsa octane ya petulo, kutanthauza mphamvu yake yopirira kupanikizidwa, kompyuta imamva kugogoda n'kuchedwetsa moto wa mapulagi, mphamvu n'kutsika. Choopsa kwambiri ndi chimene amachitcha LSPI, pamene moto umabuka wokha pulagi isanayatse, injini ikuzungulira pang'onopang'ono koma phazi lili pansi, monga pokwera phiri pa giya ya nambala yaikulu. Kuphulika kotereku kungathe kuswa pisitoni nthawi imodzi. Timadontho ta oyilo wosakanikirana ndi petulo komanso tizibenthu ta kaboni tili m'gulu la zoyambitsa. Koma ngakhale apa, chitetezo chachikulu chili m'oyilo mwenimwenimo. Zinapezeka kuti oyilo wokhala ndi mankhwala otsukira a calcium ambiri amachulukitsa vutoli, ndipo ndi chifukwa chake bungwe la ku America loika miyezo ya oyilo la API linatulutsa muyezo wa SN Plus mu 2018, kenako SP mu 2020. Komanso oyilo wonyowetsa m'kati mwa intercooler amachepetsa mphamvu yake yoziziritsa, ndipo amafewetsa mapaipi a rabala mpaka kuyamba kuvuka.

Pa dizilo nkhani ndi ina

Eni Hilux, Ranger, Isuzu, Triton ndi Land Cruiser ayenera kumva gawo ili padera, chifukwa injini zawo zambiri zamakono nazonso ndi za turbo ndi direct injection, ndipo ndi kumene ine ndimaona kuti kachitini kamabweza ndalama yake mosakayikitsa. Dizilo amatulutsa mwaye wambiri, ndipo valavu ya EGR imabweza utsi wina m'manifodi kuti ichepetse mpweya woipa wa nitrogen. Mwaye wouma paokha wambiri umangodutsa. Ukakumana ndi nkhungu ya oyilo yochokera pa paipi yopumira, ziwirizi zimapanga phala lakuda lolimba limene limamata m'manifodi, pa EGR pomwepo, pa timapiko tozunguza mpweya ndi pa sensa yoyeza mphamvu ya turbo. Bowo lotakata limatha kutsala theka. Galimoto imayamba kulemera, kufuka utsi, kumwa dizilo.

Mwa zinthu ziwiri zopanga phalali, chimodzi mungachichotse popanda kulakwira malamulo kapena kusokoneza kompyuta, ndicho oyilo. Ena amasankha kutseka EGR ndi kachitsulo. Ine sindigwirizana nazo: utsi umene umatuluka ukatero ndi umene ana oyenda m'mbali mwa msewu amapuma, ndipo pa injini zambiri kompyuta imazindikira n'kuyatsa nyali kapena kuchepetsa mphamvu. Mwayi wa dizilo ndi woti injini zambiri zili ndi paipi imodzi yokha yopumira, yochokera pachivundikiro kupita kutsogolo kwa turbo, ndiye kachitini kamodzi kamaona mpweya wonse. Ku Australia, kumene anthu amayenda mitunda italiitali ndi mapikapu omwewa akukoka ngolo, chida chodziwika kwambiri ndi ProVent 200 ya kampani ya ku Germany ya Mann+Hummel. Ili ndi sefa yeniyeni yosinthidwa ikatha, ndi valavu yotulutsa mpweya ngati sefayo yatsekeka. Nambala 200 ikuimira malita a mpweya amene ingadutsitse pa mphindi imodzi, ndipo izi zikukuonetsani kuchuluka kwa mpweya umene injini ya dizilo imapuma. Kachitini kakang'ono ka mapaipi opyapyala kopangira galimoto ya petulo sikangakwanitse.

Mmene kamawonongera

Chilichonse choikidwa pa njira yopumira chingathe kuitseka, ndipo injini yotsekedwa mpweya imaupezera njira yake. Imatulutsa dipisitiki, imanyowetsa gasiketi ya pachivundikiro, ndipo choipitsitsa imakankha seal ya kumbuyo kwa crankshaft, imene kuti muisinthe muyenera kutsitsa giyabokosi. Turbo nayo imavutika, chifukwa oyilo wake amabwerera ku sampu pongotsetsereka. Pansipo pakadzaza mpweya, oyiloyo amalephera kutsika n'kuyamba kutulukira mbali ya ekizozi kapena ya mpweya. Munthu n'kugula turbo yatsopano pamene vuto linali paipi yopindika.

Kutsekaku kumabwera m'njira zosiyanasiyana. Paipi yopapatiza kuposa ya fakitale. Paipi ya madzi kapena ya m'dimba imene imafewa ndi oyilo n'kuphwatalala ikayamwidwa. Sefa yosasinthidwa. Kavalavu koikidwa chozondoka. Kumaiko ozizira monga Canada ndi kumpoto kwa Ulaya, madzi a m'kachitini amaundana n'kukhala ayezi, n'kutsekeratu njira, ndipo ambiri kumeneko amakachotsa nyengo yachisanu. Abale athu a ku Britain, komanso a ku Johannesburg kumene usiku wa mu June ndi July umatha kuzizira mpaka madzi kuundana, ayenera kuganizira zimenezi. Kuno kwathu vuto lalikulu si ayezi koma kuiwala. Kachitini kakadzaza, injini imayamwa zonse zija nthawi imodzi, madzi ndi oyilo womwe, m'malo mwa kankhungu kamene inkameza pang'onopang'ono. Pa dizilo, oyilo wambiri wolowa nthawi imodzi ndi woopsa kwambiri chifukwa injini imatha kuyamba kumuyatsa ngati mafuta n'kuthamanga yokha ngakhale mutazimitsa kiyi.

Palinso tizitini tokhala ndi kafyuluta pamwamba totayira mpweya panja. Timeneto ndi ta magalimoto a mpikisano. Pamsewu timabweretsa fungo la oyilo m'galimoto, timachotsa kuyamwa kumene kumathandiza kutulutsa madzi ndi petulo m'oyilo, ndipo pa injini yokhala ndi sensa yoyeza mpweya wolowa tingasokoneze mawerengedwe a kompyuta. M'maiko ambiri n'toletsedwa. Amene galimoto yake ikadali pa waranti afunse kaye wogulitsa, chifukwa injini ikadzavuta, chinthu choyamba chimene adzaloze ndi paipi imene inadulidwa.

Nanga ndalama iyambire pati? Kwa ine iyambire pa oyilo. Oyilo aliyense amauluka pang'ono akatentha, ndipo pali muyezo wotchedwa Noack umene amautenthetsa pa madigiri 250 kwa ola limodzi n'kuyeza wotayika. Malire a API ndi 15 pa 100 aliwonse, pamene miyezo yambiri ya ku Ulaya imafuna 13 kapena kutsikirapo. Oyilo wouluka pang'ono amatumiza nkhungu yochepa ku mavalavu kuyambira pachiyambi. Gwiritsani amene buku la galimoto likunena, kaya ndi VW 504 00, kaya API SP, ndipo mugule kumalo kodalirika, chifukwa oyilo wachinyengo m'mabotolo ooneka bwino alipo pamsika. Musadzaze kupyola chizindikiro cha pamwamba pa dipisitiki. Oyilo wopyola muyezo amamenyedwa ndi crankshaft n'kuchulukitsa nkhungu. Galimoto yongoyenda kuchoka ku Area 25 kupita ku City Centre, kapena ku Chilomoni kupita m'tauni ya Blantyre, n'kuzimitsidwa isanatenthe bwino, imasunga madzi ndi petulo m'oyilo, choncho isinthidwe oyilo msanga kuposa mmene buku la ku Ulaya likunenera, ndipo nthawi ndi nthawi ipatsidwe ulendo wautali wa pa M1 kuti oyilo atenthe mokwanira. Ulendowo umaumitsa madzi, koma suchotsa kaboni amene anauma kale.

Mankhwala othira m'thanki nawo sangafike pa mavalavu a injini imeneyi, pachifukwa chomwe chija chakuti petulo sadutsapo. Amathandiza kutsuka mainjekita, ndipo imeneyo ndi ntchito yofunika, koma ndi ina.

Zonsezi zikakhala m'malo, kachitini kabwino n'koyenera kwa mwini pikapu ya dizilo ya EGR amene akufuna kukhala nayo zaka zambiri, kwa mwini injini ya petulo ya direct injection yokha imene anaikweza mphamvu kapena imene imayenda molemedwa, ndi kwa munthu amene wangotsukitsa mavalavu ndipo akufuna kutalikitsa nthawi yobwererako. Onsewa akhale anthu otsegula boneti okha. Masabata oyamba muzikayang'ana pafupipafupi kuti mudziwe liwiro limene kamadzazira pa injini yanu, chifukwa injini ziwiri zofanana zimasiyana. Kakayamba kudzaza msanga kuposa kale, ndi uthenga woti maring'i kapena PCV zayamba kutha, ndipo limenelo ndi phindu lina la kachitini limene anthu salitchula kawirikawiri. Zimene mwakhuthula musazibwezere m'injini, musazitayenso m'ngalande kapena pansi pafupi ndi chitsime. Zisungeni m'chigubu pamodzi ndi oyilo wakutha.

Ngati galimoto yayamba kale kugwedezeka m'mawa ikangolizidwa, kudukiza mukaponda, ndipo kompyuta ikuonetsa P0300 kapena P0301 mpaka P0304, manambala osonyeza kuti moto ukuphonya m'silinda, pamene mapulagi ndi makoyilo ndi abwino, kachitini kachedwa. Sikachotsa kaboni amene alipo kale. Pamenepo manifodi iyenera kutsika. Njira imene a BMW anaivomereza pa injini zawo, ndipo magalaja ambiri anaitengera, ndi yopopera makoko ogayidwa a mtedza wa walnut ndi mphepo ya kompuresa, kwinaku makina ena akuyamwa zinyalalazo. Makokowo ndi olimba mokwanira kusweratu kaboni koma ndi ofewa kuposa chitsulo cha valavu ndi aluminiyamu wa hedi. Kumene kulibe makina otere, makaniko woleza mtima amatha kunyowetsa kaboniyo ndi mankhwala otsukira n'kumukokota ndi timaburashi, bowo limodzi nthawi imodzi. Njira iliyonse imene asankhe, funsani kuti muone ndi maso anu kuti wazungulitsa injini mpaka mavalavu a silinda imene akutsukayo atsekeka kotheratu, ndipo mabowo enawo wawamata, asanayambe kukokota. Mchenga usayandikire n'komwe pamenepo.